Amayi Tryphena, Amene Anakatenga Nesi Pamaliro

Amayi Tryphena Nyirenda anabadwira ku Mwase Lundazi m'banja la alimi a mtedza. Sukulu anailekeza panjira mayi awo atadwala, koma Baibulo lawo la Chitumbuka analiwerenga mpaka chikuto chinathothoka. Amuna awo, a Amock Mtonga, anamwalira ana akali aang'ono, ndipo iwo anawalera ndi khasu. Atalowa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anakhala munthu wa odwala: kuwatungira madzi, kuwachapira, osachulutsa mawu. Ankati, "Kupemphelela wodwala uli khale kwanu n'kosavuta."

Chiyeso chawo chachikulu chinafika m'dzinja la 1993. Mwana wawo Ezron ali ku maesiteti a fodya ku Kasungu, mkazi wake Brenda anayamba kumva zowawa za mimba yoyamba. Dzuwa linalowa, linatulukanso, mwana osaoneka. Azakhali a Ezron, NyaMtonga, amene ankatsogolera azimayi m'chikuta, anagamula monga mwa kale: mwana akakana kutuluka ndiye kuti mayi anayenda ndi mwamuna wina, ndipo njira imatseguka akamutchula.

"Mutchule, iwe," anatero NyaMtonga. "Mwamuna wako ali kutali, tonse tidziwa."

"Kulibe, ankhazi," Brenda anawayankha azakhaliwo, milomo itauma gwa, natembenukira apongozi ake. "Amama, auzeniko."

Amayi Tryphena anapempha kuti amukweze pangolo. NyaMtonga anakana: ayambe waulula, ndiponso mtsinje unali utadzaza. Amayi Tryphena anagwira dzanja la mpongozi wawo, namva kuti likuzizira. Sanakangane ndi munthu. Anamanga chitenje nauyamba ulendo.

Kachipatala kapafupi kanali kotseka, nesi wake atasamutsidwa. Koma anali atamvapo za Sista Cathrine Zimba, nesi wopuma ntchito wa ku boma, amene ankayendera mabanja m'makomo. Anawoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, ndipo kutsidya mlimi wina anawakweza panjinga. Nyumba ya Sista sankaidziwa, choncho anafunsa pamsika.

"Sista Zimba? Lelo simungawaone, amama," anatero wogulitsa kapenta. "Alongo awo amwalila, aika masana ano. Mubwele pa Mande."

Mwambo ankaudziwa: namfedwa sachoka pambali pa thupi lisanaikidwe. Anaima kunja kwa mpanda wa nyumba ya maliro. Kenaka analowa akulira monga achitira aliyense wofika, nakwawa pakati pa azimayi mpaka pamene panakhala Sista, mutu utafundidwa.

"Pepani, Sista," ananong'oneza. "Ndabwela ndi zosayenela. Mpongozi wanga akufa, mwana ali m'mimba."

"Mwaona pamene ndakhala?"

"Ndaona."

"Madzi anasweka liti?" anafunsa Sista.

"Dzulo m'mawa."

"Mwana akali kugunda?"

"Pochoka ine anali kugunda, koma pang'ono."

Mayi wina wa pabanjapo anamva. "Ndani uyu wobwela kudzatibela namfedwa? Kwanu kulibe mwambo?" Nyimbo inadukira pakati, maso onse anali pa iwo. Amayi Tryphena sanadzuke pamene anagwada. Sista anayang'ana bokosi la alongo awo kwa nthawi yaitali.

"Awa savutikanso," anatero potsiriza. "Nditengeleni chikwama changa."

Anafika kumudzi Brenda atasiya ngakhale kubuula. Sista anatulutsa onse m'chikuta, natsala ndi Amayi Tryphena okha. Mwanayo anali atatsogoza matako. Anatuluka wofooka, mtsikana, ndipo Sista anamupukuta ndi kumusisita mpaka analira. Brenda anapulumuka. Sista anabwerera ku boma alongo awo ataikidwa kale.

Zotsatira zake Amayi Tryphena anazisenza mwakachetechete. Abale ena a Sista anatha zaka osawayankha moni. Kumudzi ankati ananyoza akulu, ena ankayang'anitsitsa nkhope ya kamwanako kufuna kuona kuti kafanana ndi yani. Iwo sanadziteteze. NyaMtonga atafa ziwalo mbali imodzi, amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza anali iwowa.

Amayi Tryphena anamwalira m'chaka cha 1998, anthu atatha kukolola, atadwala chifuwa kanthawi kochepa. Anapempha kuti awawerengere Salimo, anamvetsera mpaka kumapeto, nagona osadzukanso. Ambuye amene anamutumikira awapumitse.

Kumanda, mlaliki atatha, Brenda anapempha kulankhula, chinthu chimene apongozi sachitachita kuno. Anaima mwana wake atamugwira padzanja.

"Tsiku lija onse ananifunsa dzina la mwamuna," anatero. "Amama sananifunse. Ndakhala nawo mpaka dzana, nikudikila kuti mwina tsiku lina tili awili adzafunsa. Apita osafunsa."