Mayi Zelipa ndi magolovesi a achimwene anga

Mmalawi aliyense amene wafika ku Toronto zaka zino anayamba wagona kunsi kwa nyumba ya Mayi Zelipa Kachingwe ku Etobicoke. Ine ndi amuna anga a William tinagonamonso mu 1973, tisanapeze fulati yathu ku North York. Ndi chipinda cha pansi pa nthaka, muli bedi, hita ndi kawindo kamodzi m'mwamba. Ndege zikamatera makapu amalira pa shelefu, koma munthu umagona mtima uli m'malo.

Kwawo kwa mayiwa ndi ku Kongwe. Bambo awo anali mkulu wa mpingo. Unamwino mayiwa anauphunzira ku Nkhoma, ndipo anayenda pa njinga m'midzi yambiri asanatsatire amuna awo a Ambrose kuno. Pano a Ambrose amagwira ntchito ku weyahausi, nyumba yosungira katundu pafupi ndi eyapoti, iwo amasamalira nkhalamba m'tauni. Mulungu sanawapatse mwana, ndiye ana awo ndife. Ine anandiphunzitsa kukwera sabuweyi, sitima ya pansi pa nthaka, ndi kusankha nkhuku yamoyo ku msika wa Kensington. Tsiku limene ndinachira mwana wanga Grace, ndiwo amene anandigwira dzanja. Thalauza sanavalepo chibadwire. Chipale chifike m'mawondo, iwo ndi chitenje basi, chijasi pamwamba.

Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi timakadyera kwawo, ndipo pemphero lawo silitha asanapempherere olamulira. Anyamata a ku yunivesite akayamba kunong'onezana za anthu amene akutengedwa kumudzi, mayi amawadula.

"Boma silitenga munthu ali chikhalire," amatero. "Chigawenga ukachifunsa mwaulemu, chikuuza kumene chabisa mfuti? Kuchimenya n'kupulumutsa ana a anthu. Olamulira anawaika ndi Mulungu."

Sayankhula chabe ayi. Ali namwino kumudzi anasokapo kamwana kamene kanalasidwa pamene anthu a mfuti anadutsa m'mudzi wina, ndipo kanafera m'manja mwawo.

Tsono chaka chatha kunabwera nkhani imene inandivinitsa ndekha m'khitchini. Achimwene anga a Lameck atuluka m'ndende, awolokera ku Zambia, ndipo mpingo wina wa kuno wawathandiza kuti abwere. Iwo anali mphunzitsi kwathu ku Mwanza, kufupi ndi malire. Anthu ena achilendo anapempha madzi akumwa pakhomo pawo, iwo n'kuwapatsa. Sabata isanathe anatengedwa, akuti amadyetsa zigawenga.

Vuto linali pogona. Woyang'anira fulati yathu anatiuziratu kuti mlendo asapitirire masiku ochepa, apo ayi tisamuke tonse. Ndinanyamula Grace, ulendo wa pa basi mpaka ku Etobicoke.

"Mayi, achimwene akubwera. Atuluka."

"Atuluka kuti, make Grace?"

Ndinawauza zonse, osabisa. Anapitiriza kusita yunifomu yawo ya Mvano osandiyang'ana.

"Lamlungu abwere adzadye, mlendo sitim'mana chakudya. Koma za chipinda usanditchulirenso. M'nyumba mwanga simugona chigawenga."

Ndinabwerera chimanjamanja, komabe ku eyapoti ndinaiwala zonse. Nditawaona achimwene akutuluka, atavala malaya a manja aafupi mu Febuluwale, ndinathamanga ngati kamtsikana, nsapato imodzi n'kutsala kumbuyo. Anaonda, inde, koma pakamwa ndi pompaja.

"Iwe Selina, dziko lanuli analiiwala mufiriji?"

Pamene ankanyamula Grace m'pamene ndinaona manja. Zala zokhotakhota, zina zopanda zikhadabo. A William anavula magolovesi awo n'kuwapatsa. Achimwene anawakonda kwabasi magolovesiwo. Akuti dziko ili ndi labwino, munthu ubisa manja tsiku lonse popanda wokufunsa.

Lamlungu linafika. Ndinawachenjeza m'basi monse kuti nthabwala achepetse, ndale ayi, mowa asautchule n'komwe. Chimene sindinachiganizire ndi moni. Titalowa, achimwene ananjuta bwinobwino, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, koma magolovesi ali chivalire. Ndinaona nkhope ya mayi ikuuma.

"Aphunzitsi, kuno mwafika liti?"

"Lachinayi, mayi."

"Lachinayi lomweli, chizungu chakulowani kale? Moni wa magolovesi ndimauona kwa madokotala."

"Asiyeni amayi, munthu akuzizidwa," anatero a Ambrose.

"Hita ikulira chonchi, akuzizidwa chiyani?"

"Ndi a alamu anga, mayi," achimwene anatero. "Ndikavula andilanda."

Anyamata aja anaseka, mayi ayi. Ine ndinangoti basi, chipinda chapita.

Pali chinthu chimodzi chimene Mayi Zelipa sanasiye kuno. Nyumba yawo ili ndi bafa, mpope wa madzi otentha, zonse, koma amati mlendo satumizidwa kukasamba yekha ngati ng'ombe ku dibi. Mpunga ndi nkhuku zikafika pa tebulo, iwo amatenga beseni, jagi ndi thawulo, n'kugwada pamaso pa mwamuna aliyense, kuyambira amuna awo, ngakhale mawondo amawavuta. Ife amayi timasamba pambuyo.

Anasambitsa a Ambrose, a William, kenako Bester, mmodzi wa anyamata a ku yunivesite aja, wophunzira zamalamulo, wokonda mtsutso. Atafika pa achimwene anaika beseni pansi n'kudikira. Kukana madzi a munthu wamkulu atagwada sizitheka, ndipo achimwene analeredwa bwino. Anakoka golovesi limodzi ndi mano, linalo chimodzimodzi, n'kutambasula manja pamwamba pa beseni.

Mayi anayamba kuthira. Kenako madzi analeka kutsika. Anaika jagi pa kapeti, anagwira dzanja lamanja, kulitembenuza, n'kuyamba kusinja chala chilichonse monga amachitira ndi nkhalamba zawo.

"Ichi chinathyoka, chinapola, n'kuthyokanso."

"Eya, mayi."

"Munapanidwa ndi chitseko?"

"Ayi. Ankalowetsa mapensulo pakati pa zala, n'kufinya. Ankati ndine mphunzitsi, ndiye andipatse zida zanga."

"Ankafuna chiyani?"

"Mayina a anthu aja. Ine ndinangowapatsa madzi, mayina sindinafunse. Poyamba ndinkanena zoona. Zoonazo zitandithera zikhadabo, ndinayamba kutchula aliyense amene wabwera m'mutu. Ndinatchula agogo athu amene anamwalira kalekale, analemba. Ndinatchulanso a Tobias, atelala a pakhonde la sitolo, munthu wosadziwa kanthu. Amenewo anakawatenga."

Grace anali akumenya supuni pa mpando. Mayi anali chigwadire, dzanja lija lili m'manja mwawo.

"Ali ndi ana a Tobiaswo?"

"Alipo, mayi. Wamng'ono ndinkamuphunzitsa ine."

"Anatuluka?"

"Sindikudziwa."

Mayi anatenga thawulo n'kuwapukuta okha, chala chimodzichimodzi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira mlendo. Atadzuka anati tipemphere. Olamulira anawapempherera monga mwa nthawi zonse, sanadumphe liwu. Koma asananene ameni anaonjeza a Tobias, akazi awo ndi ana awo, ndipo pempherolo anamalizitsa ndi a Ambrose.

Bester sakanatha kuugwira mtima.

"Ndiye mayi, a mapensulowa anawaikanso ndi Mulungu?"

"Bester, idya."

"Ndikungofunsa, mayi. Paja munkati kumenya n'kupulumutsa ana."

"Ndamva, sindine gonthi. Olamulira anawaika ndi Mulungu, ndipo adzawafunsa Yekha. Koma mapensulo aja sanawapatse ndi Iye. Tenga chiwalo icho upatse aphunzitsi."

Tinadya. Achimwene supuni inkawavuta, mayi anangowasinthira ina ya chigwiriro chachikulu. Ine ndinkafuna kufunsanso za chipinda, koma anali atandiletsa. Tili pakati pa kudya, ndinangomva akuti, "Bambo, makatoni anu aja kunsiku muwachotse lero. Ndipo hita ya kumeneko ikufuna kuyang'ana."

A Ambrose anaika foloko pansi.

"Amayi, mukudziwa kuti pano timadya ambiri. Zikamveka kumudzi kuti tikusunga munthu wothawa, ku Kongwe sitidzapondako. Mayi anu akalamba."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ndiye muchotse makatoni." Anatembenukira kwa achimwene. "Aphunzitsi, m'nyumba muno mowa ayi, fodya ayi, ndale pa tebulo ayi. Lamlungu ku tchalitchi. Ndipo magolovesi amathera pakhomo."

"Nanga alamu akandilanda, mayi?"

"Alamu anu ndinawalera ine, sangayerekeze."

Ine ndinalumpha. Ndinaiwala kuti ndine mayi wa mwana, ndinaiwala kuti pali amuna, ndinalulutira m'nyumba ya eni mpaka galu wa azungu oyandikana nawo anayamba kuuwa. Ndinakagwada n'kugwira miyendo ya mayi, iwo akuti, "Dzuka iwe, nkhuku ikuzizira."

Patha chaka tsopano achimwene ali kunsi kuja. Mabanja ena anasiya kubwera Lamlungu, amaopa, ndipo sindiwaimba mlandu. Mayi awo a Mayi Zelipa anadwala mu Okutobala, iwo sanapite. Anangotumiza bulangete ndi mankhwala. Achimwene anati asamuke, mayi anawakalipira ngati mwana.

Madzulo aliwonse mayi akaweruka amaviika manja a achimwene m'madzi ofunda a mchere, n'kumawongola zala pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo ndiye ya mtsutso wawo, chifukwa akuti beseni si tebulo. Mayi amati anthu a mfuti agwidwe ndithu, iwo kamwana kaja sanakaiwale. Achimwene amati agwidwe inde, aweruzidwe poyera, koma osathyola munthu. Mayi amati nanga akakana kuulula? Achimwene amati nanga a Tobias? Mpaka lero sanagwirizane, ndipo a Ambrose amangokweza wailesi.

Dzulo m'mawa foni inalira ndikusambitsa Grace. Anali mayi, akupuma mwawefuwefu ngati athamanga.

"Make Grace, achimwene ako amanga okha mabatani a malaya. Onse, mpaka la pakhosi. Siya zimene ukuchitazo ukwere basi, ubwere udzaone wekha."