Mukufera Ndani ku Silobela?

Achimwene, lero chakwana chaka mgodi wa golide utakugumukirani ku Silobela, ndipo mkwiyo wanga sunathe. Mukukumbuka filimu ija tinaonera pa foni yanu ku Makwasha? Mufilimumo, dziko litaonongeka, bwana mmodzi anatsekera chimanga chonse, anyamata n'kumalimbirana kumufera kuti atchedwe amuna. Ndinati, "Awatu akupusitsidwa, wolemera ndi bwanayo." Munandiseka. "Digiri yakupatsa mantha iwe, mwamuna amalowa mumgodi ngakhale mvula itagwa."

Munalowadi, anzanu akukuimbirani mluzu. Maliro asanathe, mwini mgodi anali atakumbitsa kale wina pambali pake. Dzulo anzanu aja anadzanditenga, ati poti ntchito sindikuipeza ndikalowe m'malo mwanu, ndisakuchititseni manyazi. Ndakana, achimwene. Anditche wamantha, koma Loweruka ndikaima pakamwa pa mgodi watsopanowo n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti akufera ndani.