Kawayilesi Wamaliza Sukulu

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amapanga mawebusayiti. Mukafika mu msewu umene amagwirira ntchito n'kufunsa munthu wa mawebusayiti, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Koma mukati "a Seva," ngakhale wogulitsa mayunitsi akulozerani kakhomo kake. Dzinali anadzipezera okha, chifukwa chilichonse chikavuta iwo amati seva yagwa, kunena kompyuta yosunga mawebusayitiwo, mpaka anthu anangoti basi, ndi dzina lawo.

Kachipinda kawo kali kuseri kwa shopu ya fotokope. Umadutsa pakati pa makina otentha ndi milu ya mapepala, n'kuwerama pang'ono pachitseko, ndiye wafika. Muli tebulo, mpando umene thonje lake linatuluka kalekale, fani yopanda chivundikiro, ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Ine ndine telala, shopu yanga ili tsidya lina la msewu womwewo, ndipo ndinawauza pamaso kuti m'kachipinda kameneko sindingasungemo ngakhale nsanza zanga. Iwo anangoseka. Akhalamo zaka zambiri, msana utapindika, maso ali pa laputopu, akulemba timizere tosawerengeka todzaza ndi tizizindikiro.

Ndinawafunsapo kuti kwenikweni amachita chiyani tsiku lonse.

"Alamu," anatero, "webusayiti ili ngati shopu yanuyi. Kutsogolo kuli zimene kasitomala amaona. Kuseri kuli chipinda chosungira zonse, ife timati detabesi. Timizere ndimalembati ndi khodi, ndipo khodi ndi wantchito amene amathamanga pakatipo. Munthu akafunsa kanthu kutsogolo, iye amapita kuseri, n'kukatenga, n'kukakonza bwino, n'kubwera nako. Wantchito ameneyu sadwala, satopa, komanso saganiza. Chimene wamuuza kamodzi azichita mpaka kalekale."

Ndinati wantchito wotero ine ndingamulembe lero lomwe. Nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe kanthu.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi chizolowezi chawo. Asanapereke webusayiti kwa mwini wake, amaikamo munthu wabodza woti ayeserepo ngati zonse zikuyenda. Ena amangomenya zilembo zilizonse. Alamu anga ankaikamo mwana wawo. Anali mmodzi yekhayo, mtsikana, ndipo tinkamutcha Kawayilesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Pa webusayiti ya mabasi Kawayilesi anagula matikiti opita kulikonse. Pa ya nsapato anaoda majombo a abambo akuluakulu. Bambo ake akamaliza kuyesa ankamufufuta, ntchito n'kupita kwa eni ake ili yoyera.

Kenaka sukulu ina ya pulayimale, ya munthu payekha, inawapatsa ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Aphunzitsi azilowetsa malikisi, makolo aziona zotsatira pa foni, ndipo chaka chikatha khodi izikweza yokha ana okhoza kupita kalasi yotsatira, n'kutumiza meseji kwa makolo. Kawayilesi anali asanayambe sukulu. Anakhala pamiyendo pa bambo ake pamene ankamulembetsa kalasi yoyamba, akulamula kuti amupatse malikisi onse. Pa nambala ya kholo anaikapo ya mng'ono wanga kuti aone ngati meseji ikufika. Kumeneku sanamufufute, chifukwa ankamufuna woti aziyeserapo akasintha kanthu. Anangomubisa kuti aphunzitsi asamamuone, n'kulemba kamzere komupatsa malikisi okhoza teremu iliyonse.

Kawayilesi anamwalira chaka chomwecho. Anatentha thupi, tinathamangira naye kuchipatala, ndipo tinabwerako opanda iye. Nsalu ya yunifolomu yake ndinali nditadula kale. Mpaka lero ndikamalemba izi mtima umandiwawa, ndipo sindinena zambiri.

Mng'ono wanga sanalire monga anthu amalirira. Anangouma. Ankaphika, ankachapa, ankayankha ukamufunsa, koma unkaona kuti munthu mulibemo. Ndinayamba kumuitana kushopu kwanga kuti azindisokera mabatani, osati chifukwa ndinkasowa wothandiza, koma kuti ndizimuona ndi maso angawa.

Tsiku lina kumapeto kwa chaka, ali ndi malaya a kasitomala pamiyendo, foni yake inalira. Anawerenga, n'kuwerenganso, kenaka anandipatsa. Meseji inati: "Kholo lokondedwa, mwana wanu Kawayilesi wakhoza bwino ndipo wapita kalasi yachiwiri. Tikukuyamikirani."

Ndinadumpha msewu uja osayang'ana galimoto. Wa fotokope anandipatsa moni, ine n'kungomudutsa.

"Alamu, mutu wanu ukuyenda bwino? Ichi n'chiyani?"

Anawerenga meseji ija. "Ndinaiwala," anatero. "Mulungu wanga, ndinaiwala. Ndichotsa pompano."

Anatsegula detabesi ija, n'kupeza mzere wa mwanayo pakati pa ana enieni. Sindinadziwe kuti mng'ono wanga ananditsatira. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga, pachitseko.

"Mukamukhudza mwana ameneyo, ine ndi inu tathana."

Alamu anachotsa dzanja pa laputopu. Mzere uja unatsala momwemo.

Musaganize kuti mng'ono wanga anapenga. Ankadziwa bwino kumene mwana wake wagona, ndipo ankapitako kukazula udzu. Koma masukulu akayandikira kutseka, foni sinkachoka m'dzanja lake. Meseji ikafika ankaiwerenga, nkhope n'kumasuka pang'ono, ndipo kwa masabata angapo unkatha kumumva akung'ung'udza nyimbo. Akaona ana akuweruka ankati, "Achemwali, uyo wamtaliyo ndi msinkhu wa Kawayilesi eti? Pano ndiye kuti ayamba masamu ogawa." Ine ndinkangoluma ulusi. Mwana wina sanabwere m'nyumba muja, ndipo nkhani imeneyo sitinkaiyamba.

Amene anamangidwa zenizeni ndi alamu anga. Zaka zikupita, ntchito yawo inayamba kuchepa. Wa mabasi anapita kwa ena. Wa nsapato anati mwana wa mlongo wake amupangira tsamba pa foni, tsiku limodzi. Mnzawo wina wakale anawaitana ku kampani yaikulu ya mumzinda wina, ofesi ya mawindo enieni, koma anakana. Ankadziwa kuti aliyense wobwera pambuyo pawo kusukulu kuja, chinthu choyamba n'kusesa m'detabesi, ndipo mwana wopanda mpando m'kalasi ndiye woyamba kutayidwa. Choncho anakakamira sukuluyo ngati nkhupakupa. Mwini sukulu akangotsokomola kuti akuganiza zoyesa pulogalamu ina, iwo anali atafika kale pageti, kuwonjezera ichi, kukonza icho, ngakhale makina osindikizira amene sanali ntchito yawo. Imvi zinatulukira m'kachipinda kaja.

Zimenezi zinkandikwiyitsa, ndipo ine sindisunga mawu m'mimba.

"Alamu, madzi akatayika saoleka. Mukudzikwirira amoyo chifukwa cha meseji."

"Ndikuchitira mng'ono wanu," ankatero nthawi zonse, maso ali pa laputopu. "Mwamuona mmene amakhalira ikafika."

Ndipo zinali zoona.

Koma sukulu ya pulayimale ili ndi pothera. Kawayilesi anakwera kalasi ndi kalasi mpaka anafika yomaliza, ndipo khodi inali ndi lamulo lake la ana a kalasi imeneyo, limene alamu analemba okha kalelo. Mwana akakhoza, imamuchotsa pakati pa ana a pasukulupo, n'kumuika kwa amene anachoka, n'kutumiza meseji yotsanzika. Ikatero, basi.

Kutatsala pang'ono kuti atsekere, alamu anabwera kushopu kwanga masana, chinthu chimene sankachita. Anadikira kasitomala atuluke, n'kukhala pa benchi, akusisita mawondo.

"Alamu, pali njira," anatero. "Ndikasintha nambala imodzi yokha, malikisi ake atsika. Akatsika, khodi simuchotsa. Abwereza kalasi. Chaka chamawa chimodzimodzi, mpaka kalekale. Koma meseji yake ikhala ina, ndiye sindingachite osamuuza mng'ono wanu. Mukandithandize kumuuza. Inu amakumverani."

Ndinafuna kukana. Koma nditaganiza za mng'ono wanga atakhala ndi foni yosalira, mantha anandigwira, ndipo ndinavomera.

Tinapita Lamlungu masana. Tinamupeza akusita pabalaza, mawindo ali otseka chifukwa cha fumbi. Alamu anayamba kuzungulira, za detabesi, za malamulo a khodi, mpaka ine ndinatopa.

"Akuti akhoza kumubwereza kalasi," ndinatero, "kuti mameseji asasiye kubwera."

Mng'ono wanga anaimika simbi. "Mukufuna mwana wanga alephere?"

"Si kulephera kwenikweni," anatero alamu. "Ndi nambala chabe."

"Meseji idzati chiyani?"

Anazengereza. "Idzati sanakhoze."

"Ndiye ine ndiziwerenga chaka ndi chaka kuti mwana wanga sanakhoze? Anzake onse apite, iye atsale ndi tiana timene tinabadwa iye atagona kale?" Anapukusa mutu. "Ayi. Mwana wanga sabwereza kalasi. Musiyeni amalize."

"Akamaliza, kulibenso meseji."

"Ndikudziwa. Kodi mukuyesa sindinawerenge makalasi? Ndakhala ndikudziwa kuti tsikuli likubwera. Ndatopa, bambo. Ndafika naye pomaliza, ndipo zandikwanira."

Ine ndinapuma mpweya umene ndinaugwira zaka zonsezo. Ndinaganiza kuti alamu nawonso apepukidwa, popeza goli lawo linali litachoka. Koma anali chikhalire, akuyang'ana pansi.

"Tsamba lake silidzatsegukanso," anatero motsitsa mawu.

"Tsamba lanji?" anafunsa mng'ono wanga.

"La makolo. Ndikafika kuntchito m'mawa, ndisanayambe chilichonse, ndimalitsegula. Limawerengera lokha zaka zake kuchokera tsiku limene anabadwa, ndiye zimasintha. Ndipo pamwamba limalemba kuti, 'Takulandirani, kholo la Kawayilesi.'" Anakweza mutu. "Palibenso amene amanditchula choncho. Ngakhale inu awirinu."

Zinali zoona. Chimwalirire mwanayo tonse tinasiya kunena kuti bambo a Kawayilesi, poopa kuwakanda pachilonda. Anthu a mumsewu anali ndi dzina lawo loseketsa lija, ife a m'nyumba tinkangoti alamu, kapena bambo, kapena inu. Zaka zonsezi ine ndinkayang'anira mng'ono wanga ngati mkaka pamoto, osadziwa kuti wodwala wina ali tsidya lina la msewu, kuseri kwa fotokope.

Mng'ono wanga anazimitsa simbi, n'kukhala pafupi nawo. Anawagwira dzanja, koma mawu ake sanasinthe.

"Pepani," anatero. "Koma musamulepheretse kuti inu mupeze pokhalira. Sizabwino. Mwanayo sanalakwe kanthu."

Ine ndinatsanzika, ndipo palibe anandiperekeza.

Masiku otsatirawo sindinadziwe chimene achite. Nambala inali m'manja mwawo, ndipo akanaisintha palibe akanawaletsa. Ndikawaona akudutsa m'mawa, chikwama chili paphewa, sindinkawafunsa.

Tsiku lotsekera, mng'ono wanga anabwera kushopu monga mwa masiku onse. Dzuwa lili paliwombo foni inalira. Anaiwerenga mokweza, mawu osanjenjemera: "Kholo lokondedwa, mwana wanu Kawayilesi wakhoza ndipo wamaliza maphunziro ake pasukulu pano. Tikumufunira zabwino zonse kumene akupita."

Anaika foni pansi, n'kutola singano, n'kuyesa kulowetsa ulusi. Unakana. Anayesanso. Kenaka anagwetsa zonse, n'kulira kulira kumene sanalire tsiku la maliro lija, mpaka makasitomala a shopu yoyandikana nayo anabwera kudzasuzumira. Ndinamugwira mpaka anatopa. Atakhala chete anapukuta nkhope ndi kansalu kodula, n'kunena kuti, "Achemwali, pitani mukawaone."

Ndinadutsa pa makina a fotokope aja, n'kuwerama pachitseko. Fani inali yozima ndipo m'kachipindamo munali motentha. Alamu anali pampando wawo, tsamba la makolo lili patsogolo pawo. Analemba nambala ya mwana ndi mawu achinsinsi, n'kudina. Pamwamba panatuluka mzere wofiira: "Pepani, palibe mwana ameneyu pasukulu pano." Mawuwo anali awo omwe, amene analembera makolo olakwitsa nambala. Anafufuta, n'kulembanso pang'onopang'ono, n'kudina. Mzere wofiira unabweranso.

Ndinkafuna kuwatchula dzina lija lakuti bambo a Kawayilesi, koma ndinaleka, chifukwa patapita zaka zonsezo likanamveka ngati chipongwe. Ndinangoima kumbuyo kwawo, dzanja lili pa mpando.

Anatembenuka, maso ali ofiira.

"Ikugwira bwino ntchito, alamu," anatero. "Palibe cholakwika."

Anayang'ananso laputopu, n'kuyamba kulemba nambala ija kachitatu.