Chitseko chija, Ababa

Ababa, lero pagulu lathu la achinyamata ku Gimboki mtsikana wina wanena kuti akudwala kufungisisa, ine n'kuphulika kuseka ngati wopanda mwambo. Ndapepesa, koma wolakwa ndi inu. Mukukumbuka titachotsedwa pafamu ku Odzi, ine n'kusiya kudya ndi kuyankhula, kumangodzitsekera kuchipinda? Nesi wa kukiliniki anakuuzani m'Chishona kuti mwanayu ali ndi kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Koma inu Chishona chinkangokudutsani, ngakhale munakalambira kuno. Kufunga komwe munkakudziwa n'kwa mfungulo basi. Tikufika kunyumba munabwereka sikuludiraiva, n'kuzula chitseko changa chonse. Amayi akukalipa, inu muli, "Mayi ake mwana, anesi anena okha kuti matenda ake ndi kutseka kwambiri. Ndachiza!"

Kenaka munaika mpando pakhomo popanda chitsekopo, tsiku ndi tsiku kundisimbira za ng'ombe za bwana zomwe munkati zinkamva Chinyanja chokha, mpaka tsiku lina ndinakuuzani kuti mukunama. Munalumpha: "Wayankhula!" Kwa aphungu a kukiliniki munkandiperekeza ndithu, koma kutchalitchi munkauza aliyense kuti dokotala ndinu. Pano ndine ndimakhala pakhomo pa ana a eni, kudikira kuti ayankhule, ndipo anthu ochita kafukufuku wa matendawa akandifunsa kumene ndinaphunzira njirayi ndimasowa poyambira. Chipitireni inu ndayambanso kufungisisa pang'ono, Ababa. Chitseko ndachisiya chotsegula, koma mpando uja ulibe munthu.