Mayi Keziya NyaManda ndi Kalata Imene Anakana Kutaipa

Mayi Keziya NyaManda, amene mumpingo muno tinkangowatchula kuti Amama a ku Salisbury Lines, dera lawo la muno mu Mzuzu, anabadwa m'chaka cha 1929 kufupi ndi Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Bambo awo anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo sanalole kuti mwana wamkazi alekere sukulu panjira. Pofika zaka khumi ndi ziwiri, Keziya ndiye ankalembera makalata amayi a m'mudzi amene amuna awo anali ku migodi ya ku Joni. Zinsinsi za mabanja ambiri zinadutsa m'manja mwake, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinamveka kuchitsime.

Anakwatiwa ndi Bambo Winston Mhone, mmisiri wa matabwa, ndipo anasamukira kuno ku Mzuzu tauni ikadali nyumba zowerengeka. Anaphunzira kutaipa, ndipo mu 1966 analembedwa ntchito mu ofesi ya kampani ina yogula mbewu. Patangopita zaka zisanu amuna awo anamwalira, n'kuwasiyira ana anayi. Ntchito ya utaipisiti ija ndiyo inali khasu lawo lokhalo.

Mayeso aakulu anawafikira mu 1976. Achinyamata a lero mwina sangamvetse, koma masiku amenewo kalata imodzi yopanda dzina, yonena kuti uje akunyoza boma, inkakwana kum'sowetsa munthu. Pa kampani paja panali woyang'anira nyumba yosungiramo mbewu, Bambo Gideon Mkandawire, amene ankakana kutulutsa matumba popanda mapepala oyenera. Zimenezi zinkam'nyansa wachiwiri kwa bwana wamkulu, Bambo Jasper. M'mawa wina a Jasper anaika pepala lolemba pamanja pafupi ndi makina a Mayi Keziya.

"Amama, mutaipe ichi mwamsanga. Pansi musaikepo dzina."

Mayi Keziya anawerenga. Pepalalo linkati a Gideon anang'amba khadi lachipani pamaso pa antchito.

"Bwana, kodi inuyo munawaona akung'amba?"

"Ntchito yanu ndi kutaipa, osati kufunsa."

"Yewo, bwana. Koma zalazi ndi zanga. Zikalemba bodza, wokayankha pamaso pa Chiuta ndine, osati makinawa."

A Jasper anatsitsa mawu. "Muli ndi ana anayi, mwamuna mulibe. Ganizani bwino chomene."

Pambuyo pake Mayi Keziya ankatiuza okha kuti sanali olimba mtima tsiku limenelo. Nkhope za ana awo zinkabwera m'maso imodziimodzi. Komabe anabweza pepalalo ndi manja awiri, mwaulemu. Masana anakawachenjeza a Gideon, koma iwo anangoti, "Ndithawire kuti, amama? Ndilibe mlandu."

Kalatayo inataipidwa ndi mtsikana wina wa mu ofesimo, Hilda, amene anali atangoyamba kumene ntchito. Pasanathe milungu iwiri galimoto ya apolisi inadzawatenga a Gideon. Mwezi womwewo Mayi Keziya anachotsedwa ntchito, ati chifukwa cha mwano.

Anagula ulusi n'kuyamba kuluka majuzi a ana asukulu. Ankaseka kuti chisanu cha Mzuzu ndicho chinawalemba ntchito yatsopano. Kunyumba kunali masiku ogonera mbatata, ndipo mwana wawo woyamba, Marjorie, anaima sukulu chaka chathunthu. Mayi Keziya sanadandaulire munthu.

Chimene tinachiona tonse ndi ichi. Mkazi wa a Gideon, Mayi Mabel, anasanduka ngati wakhate. Anthu ankapatuka njira akawaona, ngakhale ena a ife a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, tinasiya kuwayendera. Mayi Keziya okha ndiwo ankapita kwa Mayi Mabel ku Msongwe Loweruka lililonse, dzuwa likuswa mtengo, atasenza ufa wa kondowole, n'kukalowera khomo lakumaso.

"Keziya, ukufuna kutipalira moto?" anawafunsa mnzawo wina.

"Ndikabisala ndiye kuti ndavomera kuti mayiyu ndi wolakwa," anayankha. "Njala ilibe chipani."

Koma m'kati mwawo munali nkhondo ina imene ambiri sitinkaidziwa. Kwa zaka zitatu sanayandikire gome la Mgonero. Tsiku lina mkulu wa mpingo, Bambo Zebedee Kamanga, anawaimitsa pakhomo la tchalitchi n'kuwafunsa chifukwa chake.

"Adada," anatero, "a Gideon ali m'ndende ya boma, koma inenso ndili ndi ndende yanga mumtimamu. Ndatsekeramo anthu awiri, amene analemba kalata ija ndi amene anaitaipa. Ndingadye bwanji pa gome la Ambuye ndikusunga akaidi?"

A Gideon anatulutsidwa mu 1979, ataonda, mano ena atagweluka. Patapita miyezi ingapo, Hilda anafika kwa Mayi Keziya n'kuwapeza akuluka pakhonde. Anagwada pansi, misozi ili chuchuchu.

"Amama, ndine ndinataipa kalata ija. Chiyambire sindinapeze mtendere."

Mayi Keziya anali ndi ulusi m'manja. Kenaka anauika pambali.

"Dzuka, mwana wanga. Unali ndi mantha, inenso ndinali nawo. Koma amene unawalakwira kwambiri si ine. Tiye ku Msongwe, ndikuperekeza."

Anapitadi limodzi, ndipo a Gideon ndi akazi awo anam'landira mtsikanayo. Mgonero wotsatira, Mayi Keziya anadzuka pampando wawo n'kupita kutsogolo, Hilda ali pambali pawo. Za a Jasper, amene anasamutsidwa ndipo sanapepesepo, ankavomera poyera kuti zinawatengera zaka zina zambiri. "Kukhululuka kuli ngati kupalira," ankatero. "Suchita kamodzi n'kuti ndamaliza."

Pa ukalamba wawo anatumikira monga mlembi wa Umanyano. Atsikana ambiri oyamba ntchito m'maofesi a m'tauni muno ankabwera kwa iwo kudzafunsa nzeru, ndipo onse ankawauza chimodzimodzi: "Usanataipe, werenga. Usanasaine, werenganso."

Anadwala mwezi wa Julayi chaka chino cha 1992. Lachiwiri masana, kukuwaza kamvula, tinapita amayi asanu kukawaona. Anatipempha tiimbe nyimbo ziwiri za Chitonga za ubwana wawo, iwo akutsatira ndi milomo. Titamaliza anatiyang'ana akumwetulira.

"Ndikudziwa mudzandilemba m'kalata ya mpingo," anatero motsitsa. "Musandikometsere. Mulembenso kuti ndinachita mantha, ndi kuti ndinasunga mkwiyo zaka zitatu. Wina amene ali pamenepo lero adziwe kuti Chiuta satopa kudikira."

Anagwira dzanja la Marjorie, natseka maso ngati munthu wopumula pambuyo pa ulendo, ndipo sanadzukenso.

Amama, talemba monga munatiuzira. Sitinaonjezepo kanthu, ndipo sitinabisepo kanthu. Yewo chomene. Ambuye amene munawatumikira ndi manja oyera akulandireni mu mpumulo wawo.