Buku Limene Tinkawerenga M'chigafa

Fungo la fodya wouma likandipeza, ngakhale m'basi, maganizo amabwerera m'chigafa chathu ku Wimbe. Linali fungo lokanda pakhosi, lolowa m'zovala ndi m'tsitsi, ndipo zala zinkada ndi phula la masamba losamva sopo. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, nyengo yosankha fodya inandipeza ndili ndi buku.

Anandibwereka bukulo ndi a Chirwa, aphunzitsi athu a Chizungu, ati ndizoloweretse maso mayeso asanafike. Linali lalikulu, chikuto chong'ambika, mapepala ofiirira ndi ukalamba. Wolemba wake anatenga nthano yakalekale ya ku Mangalande n'kuisimbanso mwa njira yake. Munali mfumu yomwe inalandira lupanga modabwitsa, ankhondo ovala zitsulo okwera pa akavalo, nkhalamba yamatsenga yolangiza mfumuyo, komanso mfumukazi imene anaikwatitsa kwa mwamuna yemwe inali isanamuonepo.

Amayi ataona kuti ndikuzembera ntchito kuseri kwa nkhokwe, anati ngati kuli kuwerenga ndiwerengere onse. Choncho masana ndinkakhala pa belo, iwo ali pamkeka kusankha masamba ndi kumanga ndindi, timitolo ta fodya, pamodzi ndi azakhali a Nabanda, mlongo wawo wa abambo. Ndinkawerenga ndime imodzi n'kuimasulira m'Chichewa mmene ndikanathera. Pomwe Chizungu chandikanika ndinkalumpha, ndipo panalibe wondigwira.

Amayi sanaikonde nkhalamba yamatsenga ija. Ankati ndi anthu aja oyambitsa ndewu n'kusowa ikafika povuta. Ankafunsanso kuti m'dziko limenelo ankalima ndani, popeza amuna onse ankangokhalira kuthamangitsana pa akavalo. Azakhali sankayankhulapo. Anali munthu wofatsa, wokhala ndi mwana wawo Yohane m'kanyumba kuseri kwa yathu, wopanda mwamuna, ndipo kutchalitchi ankakhala benchi yomalizira pafupi ndi khomo. Koma ndikasiya kuwerenga kuti ndimwe madzi, anali iwo oyamba kukweza maso.

Tsiku lina tinafika pomwe mfumukazi inagwidwa ili pachibwenzi ndi bwenzi lapamtima la mfumu. Mwamunayo analumphira pa kavalo n'kuthawa. Akuluakulu a mfumu anakhala bwalo, amuna okhaokha, n'kugamula kuti mkaziyo atenthedwe anthu akuona. Nditamasulira zimenezi, azakhali anaponya pansi masamba amene anali m'manja mwawo.

"Kodi anachimwa yekha? Nanga mwamunayo bwanji osam'tsata?"

Ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu chotero. Anapitiriza kuti bwalo la amuna limadziwa pamene pali nkhuni koma silidziwa njira imene mnzawo wadzera. Amayi anawakodola kuti atsitse mawu, koma anachedwa. Pakhomo pa chigafa panali pataima abambo aakulu, mkulu wawo wa abambo anga, amenenso anali mkulu wa mpingo. Anabwera kudzabwereka jeke yodindira mabelo.

Anandifunsa chimene ndinkawerenga, ine n'kufotokoza monyadira, osasiya lupanga kapena matsenga. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira. Sanalitsegule n'komwe. Anati mwana wa m'banja lachikhristu sangamawerengere akulu za ufiti ndi chigololo dzuwa likuswa mtengo. Anatuluka nalo, ine pambuyo ndikupempha kuti ndi la aphunzitsi. Analowa m'chimbudzi chathu chaudzu, ndipo ndinalimva likugwa pansi pa dzenje.

Kunali kutatsala mitu yochepa kuti tilimalize. Ndinalira mpaka mawu anasasa. Abambo atabwera kumunda ndinayembekeza kuti apita kukafunsa, koma anangoti mkulu satsutsidwa pamaso pa ana. Amayi ankangomanga ndindi mwamphamvu mpaka masamba kuthetheka. Chinandiwawa koposa n'chakuti jeke ija anaitengabe, ndipo anatuma ine kuti ndiwaperekezere zitsulo zake. Nyengo yonseyo ndikakumana nawo ndinkagwada monga mwa mwambo, koma moni sindinkawapatsa.

A Chirwa nditawauza, nkhope inasintha. Anati apita okha kukaonana ndi abambo aakulu. Sanapite. Anali mlendo wotumizidwa ndi boma, ndipo abambo aakulu anali m'komiti ya sukulu. Chimene anachita n'kundiuza mathero: nkhuni zitayatsidwa, mwamuna uja anabwerera ndi ankhondo ake n'kumulanditsa mkaziyo pamoto.

Ndinathamanga osaima mpaka kuchigafa. Ndinkaganiza kuti azakhali alulutira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akuwongola tsamba pabondo, kenako anati, "Zimenezo n'zakwawo, mwana wanga. Kuno sabwerera."

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti abambo aakulu anaopa matsenga a m'buku, ndipo ndinkakwiya kuti munthu angataye chinthu chamwini asanawerengemo ngakhale mzere umodzi. Zina zonse amayi anandiuza nditakula, azakhali atamwalira kale. Pamene azakhali anatenga pakati pa Yohane, amene anakawanenera kubwalo la mpingo anali abambo aakulu omwewo. Azakhali anaimitsidwa pamaso pa anthu n'kuletsedwa mgonero. Mwini mimbayo, mtsogoleri wa kwaya komanso mnzawo wa abambo aakulu, anasamukira ku Kaluluma osaitanidwa ndi wina aliyense, ndipo kumeneko anamanga ukwati woyera.

Buku limenelo sindikuliliranso. Chimene chimandipsetsa mtima lero n'chakuti azakhali anasunga funso lawo zaka zonsezo, ndipo tsiku limene analifunsa mokweza, munthu wodziwa yankho anali ataima pakhomo pomwepo. Sanawayang'ane n'komwe mlongo wawo.