Mtsuko wa Chiswe wa a Dakura

A Dakura anali mng'ono wa malemu amuna anga, ndipo tinakhala mumpanda umodzi kumudzi kwathu, kufupi ndi tauni ya Nandom, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ine ndinkati mlamu, iwo ankati "mkazi wanga", monga chimakhalira chipongwe cha pachilamu.

Ali mnyamata anapita kumwera kukagwira ntchito m'minda ya koko ya eni ake. Komweko anakwatira n'kubereka mwana mmodzi, Tengan. Kenako mtengo womwe ankagwetsa unawaphwanya mwendo wakumanzere. Mkazi anati iye kufumbi la kumpoto sangapondeko, anatsala ndi mwana. A Dakura anadzatsika basi kuno kumudzi ndi ndodo ndi kachikwama, mwendo uli wopindika ngati mpini wa khasu.

Kulima kunawakanika, ndiye anayamba kuweta nkhanga. Kuno woweta nkhanga aliyense amadziwa kutchera chiswe: umaika ndowe zouma ndi mapesi mumphika wakale, kuwaza madzi, n'kuuvundikira panjira ya chiswecho. Mmawa ukavundukula, anapiye apeza chakudya. Nkhanga za a Dakura zinaswana mpaka anthu ankachokera midzi ina kudzagula mazira. Chaka china chitopa chinalowa m'mudzi, chinasesa khola lonse. Nkhanga zakufazo anazikwirira okha kuseri kwa mpanda, osalola munthu kuwathandiza.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho itagwa, kunatuluka ngumbi zambirimbiri. Mmawa mwake tonse tinali kalikiliki kuwola zokazinga, koma mlamu anagwada pabwalo akuyang'ana ngumbi ziwiri zothothoka mapiko, ina ikulondola inzake pambuyo.

"Mkazi wanga, ndipatse mtsuko wako wong'aluka uja."

"Wa chiyani? Mwayamba kufulula mowa?"

"Ndikufuna kumangira banja ili nyumba. Taona, mwamuna akupita, mkazi akutsatira. Kapena ndi mkazi ali patsogoloyo, kaya. Chachikulu sakusiyana."

"Inu, ziwirizo ngakhale pa dzino sizikwana. Bweretsani ndikazinge."

Ndinawapatsa mtsukowo. Ine ndimafulula pito, mowa wathu wa mapira, ndipo mitsuko yong'aluka sisowa pakhomo panga. Anathiramo dothi lonyowa ndi tizidutswa ta mtengo wofumbwa, anaikamo ngumbi zija, anavundikira ndi phale. Zinafa mwezi usanathe. Chaka chotsatira anaikamo zina, dothi linachita nkhungu, zinafanso. M'mudzi anayamba kuwatcha mbusa wa chiswe. Amuna akamamwa pakhomo panga ankawakuwira, "A Dakura, ng'ombe zanu zagona bwanji? Mutikamireko mkaka!" Iwo ankangoti, "Zanga sizidya mapira a mnansi," n'kupitiriza ulendo.

Chaka chachitatu banja lina linagwira moyo. Mlamu anandiitana ndili pamoto. Pambali pa mtsuko paja panang'aluka anali atabowola bwinobwino, n'kumatapo kagalasi ka zenera ndi dongo, kansalu kakuda kakuphimba pamwamba. Atachotsa kansaluko ndinaona tinthu toyera ngati njere za mpunga tikuyendayenda m'tinjira.

"Ana," anatero. "Ndawaona akubadwa."

Kuyambira pamenepo moyo wawo unazungulira mtsukowo. Unkakhala m'chipinda chawo chadothi, pamwamba pa miyala, miyalayo ili m'beseni la madzi kuti linthumbu ndi nyerere zisakwere. M'chilimwe, mphepo yafumbi ya kuno ikamang'amba milomo ndi zidendene, ankatsimphina mpaka kumjigo kukatunga kachigubu kamodzi, theka n'kumwa, theka n'kumawaza padothi ndi zala. Ankadziwa mapesi amene chiswe chawo chimakonda ndi amene chimawanyalanyaza. Chikachuluka ankatapako chochepa kupatsa anapiye anga, akupepesa pansipansi. Mayi wa chiswe chonsecho, manthuyo, anamuona kamodzi kokha, atakula ngati chala chachikulu, ana ake asanamumangire chipinda chake chamkati. Ankamutchula ngati munthu. "Mayi aja lero akwiya, ndawathirira madzi ambiri."

Zaka zinapita. Tsiku lina kunatulukira galimoto, munatsika bambo wonenepa amene tinamuzindikira ndi mphumi yokha, yofanana ndi ya a Dakura. Anali Tengan. Malonda a matayala anali atamuyendera kumzinda wa Kumasi, ndipo anabwera ndi mkazi wake Yuora ndi kamwana kawo kudzamanga nyumba ya njerwa pamalo a bambo ake. A Dakura analira ngati mwana. Anamusonyeza malire onse, anamupatsa ndi mtengo wa dawadawa, wa nthanga zokometsera ndiwo, umene ankadyerapo.

Nyumba itatha, ya malata ndi zitseko za matabwa, Tengan anati, "Bambo, chipinda chakum'mawacho ndi chanu. Koma chimtsuko chija sichilowa."

"Ndiye inenso sindilowa."

"Bambo, anthu akundiseka. Akuti mwana ali ndi galimoto, bambo ake akugona ndi chiswe."

"Ankandiseka iwe usanabwere. Palibe chachilendo."

Yuora analowererapo. "Apongozi, munthu amaweta zinthu zimene zimamudziwa. Galu amagwedeza mchira. Izi zimakudziwani?"

"Sizindidziwa, mwanawe. Koma sizinandichokerepo."

Tengan anayang'ana pansi. Yuora sanayang'ane pansi.

Dzinja lotsatira chiswe chinayamba kudya mphuthu ya chitseko cha nyumba yatsopano. Kuno chiswe chili paliponse, chimadya nkhokwe, mipini, ngakhale nsapato ukazisiya panja. Koma Yuora anangoloza chipinda chadothi chija. Mlamu anamuitana kuti adzaone yekha beseni la madzi, kuti palibe chimatuluka. Anakana kulowamo, ati mumanunkha.

Iye ndi Tengan anadikira tsiku limene a Dakura anapita kumaliro a mnzawo kumudzi wina. Ine ndinali kumsika ndi mowa wanga. Pobwerera masana ndinapeza nkhuku za m'mudzi wonse zitadzaza pabwalo, zikujompha mothamanga ngati zapenga. Mtsuko unali mapale. Dothi lija, ndi tinjira take tonse ndi tizipinda, linali mbwee padzuwa. Tengan anali chiimire pakhonde, manja m'thumba.

"Iwe Tengan, wachita chiyani?"

"Amayi aakulu, musakweze mawu. Tawathandiza. Zinthuzi zinawalowa m'mutu."

"Nanga manthu uja ali kuti?"

Anali Yuora amene anatulutsa mutu pazenera la kukhitchini. "Ndamuwotchera mwana. Amati amanenepetsa."

A Dakura anafika dzuwa litapendeka. Ndinawachingamira panjira kuti ndiwauze ndekha, koma iwo anangoona nkhope yanga n'kufulumiza ndodo. Atafika pabwalo anawerama, anatola kagalasi kaja, kanali kosasweka, anakapukuta pamalaya. Ndinkayembekeza kuti atukwana, atemberera, aponya ndodo. Ndikanakonda akanatero.

"Mdzukulu wanga wadya?" anafunsa.

"Wadya," anatero Yuora.

"Chabwino."

Mawa lake anasamukira m'chipinda chakum'mawa. Tengan anawagulira bedi ndi wailesi, ndipo chipinda chadothi anachigwetsa kuti pakhale poimika galimoto. Aliyense anati nkhalamba yachira. Ankasamba, ankadya zimene apatsidwa, ankakhala pampando pakhonde kuyambira mmawa. Kumjigo sanapitenso, ankatunga a chiyani. Mwendo uja unauma chifukwa chosayenda, kenako unzakenso.

Mvula yoyamba itagwa ndinatola ngumbi ziwiri zolondolana, ndinapita nazo m'chikho.

"Mlamu, taonani banja ili likusowa nyumba. Mtsuko ndili nawo, tiusunga kwanga."

Anasuzumira m'chikhomo, kenako anandiyang'ana. "Mlamu, zaka zoyambiranso ndizitenga kuti? Kazisiyeni padothi."

Aka kanali koyamba kunditcha mlamu. Sananditchenso mkazi wanga mpaka kufa.

Anamwalira mapira asanache. Maliro ake anali aakulu kuposa onse amene mudzi uno unaonapo. Tengan anapha ng'ombe, anaitana oimba mangolongondo otchuka a dera lonse, anawakhazika bambo ake pansanja, monga timachitira ndi womwalira kuno, atawaveka malaya olukidwa atsopano amene ali moyo sanawavalepo. Analira mokweza mpaka amuna awiri ankamugwira. Yuora anabwera kudzandipempha kuti ndifulule mowa wa alendo. Ndinafulula, chifukwa wakufayo anali wanga.

Ndikugawa mowawo, mlendo wina wochokera ku Kumasi, wa nsapato zonyezimira, anandiyandikira.

"Mayi, mkuluyu anali ndi mwayi. Ana a masiku ano sasamala makolo. Koma uyu wafera m'nyumba ya malata, pabedi."

Ndinamudzazira chikho mpaka mowa unatayikira pansapato zakezo, n'kuitana wotsatira.